Kalavani ya Anaphiri: miyezi 8 ya mapepala nsima isanaloledwe ku Booysens

Anaphiri anafika pa ofesi yanga ku Rosettenville sabata yomaliza ya Novembala 2024 atanyamula jumbo la mapepala. Umenewu si mfunda wawo weniweni. Anavomera kuti ndilembe nkhani yawo bola ndisinthe zowazindikiritsa, poti pa Joni pano Amalawi timadziwana ngati a mudzi umodzi. Ntchito yanga ndi yosunga mabuku a ndalama za ageni ang'onoang'ono ndi kuwathandiza kulembetsa mabizinesi. Sindine loya, ndipo nkhaniyi itafika pofuna loya ndinawatumiza kwa loya.

Anakhuthulira jumbolo patebulo. Munali lisiti yolemba pamanja ya kalavani yophikiramo yomwe anagula mu Julayi pa R52,000, ndalama za chipereganyu ndi zomwe anasunga zaka zinayi akugwira ntchito m'khitchini ya lesitilanti ina. Munali pepala la chindapusa ndi mndandanda wa zomwe apolisi a mumzinda anawalanda masiku angapo m'mbuyomo pamsewu wina wa ku Selby: masefuliya atatu, chiwaya, silinda ya gasi, mipando ya pulasitiki. Ndiye munali setifiketi yokutidwa bwino ndi pulasitiki, chidindo chili poteropo, yomwe anaikweza m'mwamba ngati kalata ya ubatizo.

"Achimwene, mapepala ndili nawo. Nanga andilandiranji katundu?"

Ndinaiwerenga kawiri. Inkadzitcha Certificate of Acceptability, setifiketi ya azaumoyo yovomereza malo okonzera ndi kugulitsira chakudya, deti lake Ogasiti 2024, koma pamwamba inkati yaperekedwa motsatira lamulo la R962 la 2012. Lamulo limenelo linachotsedwa pa 22 Juni 2018 pomwe R638 inalowa m'malo mwake. Nambala ya kalavani yolembedwapo sinalinso ya kalavani yawo. Anaigula R2,500 kwa dobadoba wina, mnyamata wa kwathu komwe, yemwe anati ali ndi munthu wake mkati. Palibe wazaumoyo anafikapo kudzaona ngakhale supuni. Nditawauza, anakhala chete kanthawi, kenako anangoti, "Ndimapemphera naye mpingo umodzi."

Ndinawapempha kuti setifiketiyo asadzaionetsenso kwa aliyense. Kupezeka wopanda pepala ndi mlandu wa chindapusa, koma kuonetsa pepala labodza ndi mlandu wachinyengo, ndipo kwa mlendo ukhoza kudya chitupa chomwe.

Nyengo yake inali yoipa. Mu Okutobala ana asanu ndi mmodzi anamwalira ku Naledi, ku Soweto, atadya zakudya zokhudzidwa ndi terbufos, mankhwala a m'munda omwe anthu amaphera makoswe monga mmene ena kwathu amachitira ndi tameki. Pa 15 Novembala Pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula kuti maspaza (timagolosale ta m'makomboni) onse ndi malo ena ogulitsira zakudya alembetse kukhonsolo pasanathe masiku 21, nthawi yomwe pambuyo pake inatalikitsidwa kufika pa 28 Febuluwale 2025. Oyendera malo anali ponseponse. Madobadoba nawo ndiye anali pa phwando, poti munthu wamantha safunsa kawiri.

Anaphiri ankaganiza kuti vuto lawo ndi pepala limodzi. Ine ndinaona kuti anayambira kumchira. Kalavani ndi chinthu choyenera kugulidwa pomaliza, koma ndi chomwe pafupifupi aliyense wobwera kwa ine amayamba kugula, chifukwa chimaoneka, ungachijambule n'kutumiza chithunzi kumudzi. Mapepala a geni imeneyi amatsamirana. Layisensi imadikira azaumoyo ndi ozimitsa moto, iwowo amafuna adiresi pomwe kalavani yaima, mwini malo amafuna kudziwa yemwe akusayina naye, ndipo pansi pa zonsezi pali funso lakuti munthuyo akuloledwa kuchita bizinesi m'dziko muno kapena ayi.

Chitupa cha munthu

Apa ndi pomwe nkhani zambiri za anzathu zimathera, ndipo ndimanena mosabisa tsiku loyamba lomwe kuti munthu asataye ndalama. Masiku 30 omwe Mmalawi amadindiridwa pa Beitbridge kapena pa OR Tambo ndi ochezera basi. Viza ya ntchito imamangidwa kwa bwana yemwe walembedwapo. Viza ya bizinesi pansi pa Immigration Act ya 2002 imafuna mpamba wa R5 miliyoni, komanso kuti 60 mwa antchito 100 aliwonse akhale nzika kapena okhazikika mwalamulo. Wophika nsima sangaifike.

Mwayi wa Anaphiri unali wakuti anakwatiwa ndi nzika ya dziko lino, ndipo anali ndi viza ya ndime 11(6) ya lamulo lomweli, yomwe imaperekedwa kwa mwamuna kapena mkazi wa nzika kapena wa munthu wokhazikika. Viza imeneyi imatha kulola ntchito, sukulu kapena bizinesi, koma imalola chokhacho chalembedwapo. Yawo inkatchula lesitilanti ija. Kuyambira Julayi, tsono, ankachita geni yomwe chitupa chawo sichinkailola, iwo osadziwa.

Bambo akunyumba kwawo anabwera ndi nzeru yomwe aliyense amabwera nayo, yakuti zonse zilembedwe m'dzina lawo poti ali ndi ID, mayi azingophika. Ndinakana, ndipo tinatsutsana pafupifupi ola lathunthu. Setifiketi ya azaumoyo imalembedwa dzina la munthu woyang'anira malowo tsiku ndi tsiku, ndipo bambowa amakhala kuntchito kwawo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Komanso mayi akanakhalabe akugwira ntchito yosalembedwa pa viza yawo. Chifukwa chachitatu sindinachinene pamaso pa bambo, ndinawauza mayi paokha. Ndaona amayi angapo akuchoka ndi chitenje chokha banja litagwedezeka, kalavani, akaunti ndi makasitomala zonse zili m'dzina la mwamuna. Viza ya 11(6) payokha imadalira kale kuti banja lilipo. Kuwonjezerapo ndi mpamba womwe, ndiye kuti moyo wonse wapachikidwa pa msomali umodzi.

Tinalembetsa kampani ku CIPC, bungwe la boma lolembetsa makampani, R125 ndi R50 yosungitsa dzina, Anaphiri ngati dayilekitala. Poti alibe ID ya kuno, pasipoti yawo inayamba yatsimikizidwa kaye, zomwe zinatenga masiku angapo. Nambala ya msonkho ya SARS imabwera pamodzi ndi kampani. Mapepala amenewa ndi omwe loya wa za maviza anawafuna kuti apereke pempho losintha zolembedwa pa viza kudzera ku VFS, kampani yolandira mapempho a maviza. Linalowa mu Januwale, yankho linabwera mu Meyi. Miyezi yonseyo kalavani sinagulitse mbale ndi imodzi yomwe. Mayi anabwerera kukapempha ntchito ku lesitilanti ija, abwana anawalandira masiku anayi pa sabata, ndipo ndalama zokonzetsera kalavani zinachokera kumeneko.

Poimika

Apa ndinalakwitsa ine, ndipo ndalama zinatayika za eni ake.

Pamsewu tinasiyiratu. Businesses Act ya 1991 imapatsa khonsolo mphamvu yoletsa kapena kuchepetsa malonda m'misewu ina, ndipo mu Johannesburg malo a m'mbali mwa msewu ndi oikidwa malire, operekedwa ndi pemiti, JMPD, polisi ya mumzinda, ndiyo yolondera. Nkhondo ya malo amenewa ndi yakale. Mu Okutobala 2013, nthawi ya meya Parks Tau, Operation Clean Sweep inachotsa mavenda zikwizikwi pakati pa tauni, ndi a mapemiti omwe, mpaka Constitutional Court inalamula mu Disembala chaka chomwecho kuti ovomerezekawo abwerere. Malo ambiri oikidwawo ndi a tebulo la matimati kapena la zovala. Kalavani ya mamita atatu ndi mzere wa anthu odikira nsima sizikwanapo.

Tinayang'ana tsono malo a munthu. Alandilodi awo ku Rosettenville anati akhoza kuimika pageti, kutsogolo kwa nyumba, pa R1,500 pamwezi bola alipiriretu miyezi itatu. Msewuwo ndi wodutsa anthu ambiri, Amalawi ndi a ku Mozambique ali mbwee. Ine ndinati lipirani msanga wina asanatenge. Ndinaitanitsa pepala la zoning, lonena zomwe zimaloledwa kuchitika pamalopo, ndalama zitaperekedwa kale, ndipo linabwera likuti Residential 1. Pansi pa Land Use Scheme ya mzinda ya 2018, malo otere ndi a nyumba yogona. Kugulitsirapo chakudya kumafuna chilolezo chapadera chomwe amapempha ndi mwini nyumba, anansi n'kupatsidwa mpata wotsutsa. Alandilodi atamva kuti akhonsolo adzafika, nkhope inasintha. Kuseri kwa nyumbayo kuli zipinda zisanu ndi chimodzi za lendi zomwe sizili pa pulani iliyonse. Anakana kusayina, ndalama anabweza theka. R2,250 inapita chifukwa ine ndinathamanga, ndipo ndinaichotsa pa malipiro anga.

Malo enieni anawapeza okha Anaphiri kudzera mwa kasitomala wawo wakale, wowotcherera zitsulo wa ku Mangochi. Ndi bwalo la galaja ina yowongola magalimoto ku Booysens, dera la mafakitale. Ulendo uno pepala la zoning ndinaliona kaye, ndipo ndinakafunsa ku ofesi yoona za mapulani tisanasayine kanthu. M'kalata ya mgwirizano ndinaonetsetsa kuti mwalembedwa pomwe kalavani iziima, ufulu wogwiritsa ntchito chimbudzi cha pagalaja ndi mpopi wake, komanso magetsi osazimitsidwa usiku. Za chimbudzizo mwini galaja anaseka, koma azaumoyo anadzazifunsa asanakwere n'komwe m'kalavani.

Booysens ili mu Region F, chigawo chomwecho cha pakati pa tauni, Rosettenville, Turffontein ndi City Deep. Mzindawu uli ndi zigawo zisanu ndi ziwiri, A mpaka G, ndipo mapepala amapita ku chigawo chomwe kalavani yaima, osati komwe mwini wake amagona.

Kalavaniyo

Nditaiona koyamba ndinamvetsa chomwe chinawakopa. Yofiira, zenera lotsegukira m'mwamba, kunja atajambulapo nkhuku yonenepa. Ndinagwada kuyang'ana kambale kachitsulo ka pa mpini wokokera. Kankati kulemera kwake ikadzaza ndi makilogalamu 1,200. Layisensi ya Code B, yomwe bambo ali nayo, imalola kukoka kalavani yosapitirira makilogalamu 750. Kupitirira apo pamafunika Code EB. Miyezi inayi yonse ankaikoka m'mawa uliwonse ndi bakkie yawo, ndipo ikanachitika ngozi a inshulansi akanangowagwedezera mutu.

Mapepala ake anali akadali m'dzina la mwini wakale, disiki itatha. Lamulo limapereka masiku 21 osinthira umwini. Tinamusaka munthuyo milungu iwiri kuti asayine fomu, tinalipira zotsalira ndi chilango chake, n'kuipititsa koyeza ngati ili yoyenera pamsewu. Inalephera ulendo woyamba chifukwa cha mabuleki ndi nyale imodzi. Tinailembetsa m'dzina la kampani, yomwe inafunika kaye nambala yakeyake ku ofesi ya zamagalimoto. Mlendo wofuna kulembetsa m'dzina lake amafunika Traffic Register Number.

Gasi ndiye anandiimitsa tsitsi. Silinda ya makilogalamu 19 inkakhala mkati, pansi penipeni pa chiwaya, paipi yake ili ya labala wamba yomangidwa ndi waya. Yemwe anaipanga kalavaniyo, sindimutchula, anangoboola thabwa n'kudutsitsa. Gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya. Akatuluka sakwera, amayala pansi ngati madzi, pomwe wophika waima ndi moto uli m'chiuno. Malamulo a Pressure Equipment Regulations a 2009 amafuna kuti gasi aikidwe ndi munthu wolembetsedwa ku SAQCC Gas, yemwe amapereka Certificate of Conformity, ndipo za makhitchini oyenda zili mu SANS 10087 gawo lachiwiri. Yemwe tinamuitana anaonetsa khadi lake tisanamufunse. Anamanga kabokosi kachitsulo kotsegukira kunja, ka mabowo otulutsa mpweya mmunsi, anaika mapaipi a kopa ndi potsekera pofikirika ndi dzanja, n'kupaka thovu la sopo polumikizira paliponse ife tikuona. Zinadya R6,800. Tinagulanso chozimitsira moto cha ufa ndi bulangete lophimbira moto wa mafuta, n'kuzipachika pafupi ndi chitseko, osati kuseri kwa chitofu komwe ambiri amaziika. Chozimitsiracho chimafuna kuunikidwa chaka chilichonse, ndipo deti limalembedwa pa chomata chake.

Tsiku la azaumoyo

Viza itatuluka tinapereka pempho la Certificate of Acceptability. Anaphiri anali atachita kale maphunziro a kasamalidwe ka chakudya omwe R638 imafuna kwa woyang'anira malo. Ndinaganiza kuti takonzeka.

Wazaumoyo anali mayi wodekha, wosakweza mawu. Anakwera m'kalavani nthawi ya m'ma 11, mayi ataphika ngati tsiku la malonda monga tinapemphedwera. Anaika chikwama pansi n'kunena kuti akufuna kusamba m'manja. Sinki inali imodzi, ndipo munali kabichi. Anaphiri anathamangira kutenga jagi ndi beseni, kugwada pang'ono monga timachitira ndi mlendo wolemekezeka, kuti awathirire. Mayiyo anamwetulira, anasamba ndithu, kenako analemba. Lamulo limafuna posambira m'manja pakepake, posiyana ndi potsukira ndiwo ndi ziwiya, pali sopo ndi chopukutira chotaya. Ulemu wa kwathu uja unakhala mzere woyamba pa mndandanda wa zolakwika.

Anayendetsa chala kunsi kwa thabwa lodulira, pomwe linafufuma ndi madzi, n'kutionetsa zakuda zomwe zinatsalira pa chikhadabo. Pofunika malo osamwa madzi, osavuta kutsuka. Anatulutsa choyezera kutentha, kuchipukuta, kuchilowetsa mu sefuliya ya nyemba. Chinaima pa madigiri 41. Chakudya chogulitsidwa chotentha chimayenera kukhala pa 60 kapena kupitirira, chifukwa kutentha kwa pakatikati ndi komwe tizilombo timaswana msanga. Mufuliji munali 9, pomwe nkhuku yaiwisi imafuna 4 ndipo zina zowonongeka msanga 5. Madzi otsukira ankatsikira m'ndowa yotsegula yomwe madzulo ankaikhuthulira mu ngalande ya madzi a mvula. Bini inalibe chivundikiro.

Kenako anafunsa funso lomwe ine sindinaliganizire: nyemba zimenezi zapsa liti, poti chitofu chayatsidwa 9 koloko? Anaphiri anayankha monyadira kuti amadzuka 3 koloko m'bandakucha kuphikiratu nyemba ndi zam'kati kunyumba, pambaula, n'kubwera nazo m'zidebe. Mayiyo anatseka cholembera. Anafotokoza kuti paliponse pomwe chakudya chogulitsa chikukonzedwa ndi malo a chakudya pamaso pa lamulo, ndipo pamafunika setifiketi yakeyake. Khitchini ya kunyumba kwa Anaphiri ndi ngodya ya chipinda chomwe amagonamo, mpopi uli panja wogawana ndi mabanja asanu. Sikanadutsa.

Nyama ya mbuzi inagwanso pomwepo. Ankaitenga kwa mnzawo woweta ku mapuloti a kumwera kwa mzinda, yophedwa pansi pa mtengo, yokoma kuposa ya m'butchala iliyonse, izi sindikutsutsa. Koma Meat Safety Act ya 2000 imalola kupha chiweto kunja kwa malo ovomerezeka pokhapokha ngati ndi chodya pakhomo kapena cha mwambo ndi chipembedzo, ndipo nyama yotero saigulitsa. Usipa wobwera pa basi m'katoni unalibe lisiti ngakhale dzina la wogulitsa. Pambuyo pa Naledi funso lakuti mwagula kuti silinkadumphidwanso.

Wazaumoyo atapita, Anaphiri anakhala pa sitepe ya kalavani. "Zaka zonsezi ndadyetsa anthu, ndani anatsegulapo m'mimba?" Sindinawatsutse, poti ndadyapo chakudya chawo kambirimbiri. Ndinangoti setifiketi simayeza luso la wophika, imayeza ngati chakudya chidzakhalebe chabwino tsiku lomwe wophikayo wadwala ndipo akugulitsa ndi wina. Pa za madzi otayira mu ngalande ndi za nyemba zofunda ndinali mbali ya wazaumoyo kotheratu. Pa za usipa mtima unandipweteka nanenso.

Kukonza kunatenga milungu isanu. Wowotcherera wa ku Mangochi uja anachotsa matabwa onse n'kuika chitsulo chosachita dzimbiri, anawonjezera kasinki kosambira m'manja, thanki ya madzi abwino pamwamba ndi ina yokulirapo ya madzi oipa pansi, yomwe amakaikhuthulira mu suweji ya pagalaja. Anagula poto wa pulesha wamkulu, ndipo nyemba zonyikidwa usiku zimapsa m'kalavani momwemo isanakwane ola. Ndiwo zikapsa zimakhala m'mabeseni achitsulo oyandama pa madzi otentha. Masamba amakagula ku Joburg Market ku City Deep, nyama ku butchala ya halaal ku Mayfair. Izi anasankha okha, poti ambiri mwa anyamata a m'magalaja ozungulira ndi Ayao ndipo amafunsa. Malisiti onse amalowa mu fayilo, pamodzi ndi kope lolembamo kutentha kwa fuliji m'mawa ndi masana, ndi pepala la kampani yopopera mankhwala a tizilombo. Makhasu a makoswe ogula pamsewu ndinawaletsa ngakhale kuwasunga pafupi.

Ulendo wachiwiri mayi uja sanakhalitse. Anasamba m'manja pakasinki katsopano, analowetsa choyezera mu nyemba, chinakwera kufika 72. Setifiketi inatuluka kumapeto kwa Juni, pali dzina la Anaphiri ndi nambala ya kalavani yawo. Singabwerekedwe, singagulitsidwe pamodzi ndi kalavani, ndipo woyang'anira akasintha pamafunika ina. Aliyense wokugulitsani kalavani akuti ili ndi mapepala kale, dziwani kuti mapepalawo ndi ake.

Layisensi ya bizinesi inali yosavuta poyerekeza. Businesses Act imasiyanitsa malo okhazikika ogulitsa chakudya ndi ogulitsa kuchokera m'galimoto kapena m'chinthu chosunthika, ndipo kalavani imagwera m'gulu lachiwirili, Item 3. Pempho limazungulira maofesi angapo, azaumoyo, ozimitsa moto a Emergency Management Services ndi oona za mapulani, aliyense n'kuikapo ndemanga yake. Wozimitsa moto anayang'ana setifiketi ya gasi, deti la pa chozimitsira, ndi mpata pakati pa kalavani ndi pomwe agalaja amapopera penti. Anatiuza kuisuntha mamita angapo, tinaisuntha ndi manja. Ndinkapita kukafunsa Lachiwiri lililonse nditanyamula makope a chilichonse, ndipo palibe yemwe anapatsidwa ya fanta. Layisensi inatuluka mu Julayi 2025.

Mwana wa akulu awo

Gawo ili silinali pa mndandanda wanga, koma ndi lomwe linatsala pang'ono kugwetsa zonse. Kuyambira pachiyambi ankathandizidwa ndi mtsikana wa zaka 22, mwana wa akulu awo a ku Ntcheu, yemwe masiku ake 30 anatha kalekale. Ndinawauza kuti ndime 38 ya Immigration Act imaletsa kulemba ntchito mlendo wopanda chilolezo, ndipo wolemba mwadala akhoza kulipitsidwa kapena kumangidwa mpaka chaka chimodzi ulendo woyamba. Mtsikanayo akanathera ku Lindela, komwe amasungira alendo odikira kubwezedwa kwawo, ndipo viza ya mayi ikanalowa m'madzi.

"Ameneyu si wantchito, achimwene. Ndi mwana wanga. Ndikamuchotsa ndikawauza chiyani akulu anga?"

Mwa chikhalidwe chathu ananena zoona, mwana wa mkulu wako ndi wako, ndipo mtsikanayo amawaitana amayi aang'ono. Koma woyendera malo akapeza munthu wavala epuloni ndi chipewa akuomola nsima, safunsa za ubale. Tinakambirana maulendo atatu, ulendo wina mpaka misozi. Pomaliza anagwirizana pabanja kuti mtsikanayo abwerere kumudzi ndi mpamba woyambira geni ya zitenje. Anakwera basi mu Juni, akudziwa kuti pachipata adzamudinda zomuletsa kulowanso kwa nthawi chifukwa chopitiriza masiku. Sindikunena kuti izi zinatha bwino. Akulu awo sanawalankhule miyezi iwiri.

M'malo mwake analemba mayi wina wa ku Orange Farm. Tinamulembetsa ku UIF, thumba lothandiza anthu ntchito ikawathera, komwe wantchito amadulidwa 1 peresenti ndipo bwana amaikapo 1 peresenti ina, komanso ku thumba la chipukuta misozi cha ovulala pantchito. Nthawi imeneyo malipiro sankaloledwa kutsika pansi pa R28.79 pa ola, mlingo womwe unayamba pa 1 Malichi 2025. Anaphiri ataona chiwerengero cha pamwezi anagwira pakamwa, poti mwana uja ankangomupatsa ya sopo ndi ya mayunitsi. Mtengo wa mbale unakwera kuchoka pa R40 kufika pa R50.

Pomwe zilili

Kuphatikiza gasi, zitsulo, mabuleki, zotsalira za disiki, maphunziro, loya ndi zolipira m'maofesi, anawononga pafupifupi R34,000 pamwamba pa mtengo wa kalavani. Ndikaonkhetsa, akanayamba ndi viza ndi malo n'kupangitsa kalavani yatsopano motsatira zomwe azaumoyo ndi a gasi amafuna, ndalama zikanafanana kapena kucheperapo, ndipo masefuliya olandidwa aja akanakhala nawobe. Sanakawaombole, chifukwa ndalama yowombolera inkaposa mtengo wake.

Pali zomwe sizinathe. Okonza misika ya Loweruka ndi zochitika zina amafuna setifiketi ya azaumoyo, ya gasi ndi inshulansi yoteteza makasitomala, ndipo inshulansiyo sitinaigule. Anaitanidwa kukagulitsa pa mpira wa Amalawi ku Germiston, ndinawakumbutsa kuti kumeneko ndi Ekurhuleni, khonsolo ina ya malamulo ake, monga mmene Centurion ilili ya Tshwane. Layisensi ya Johannesburg simawoloka malire. Bambo analephera mayeso a Code EB pobwerera m'mbuyo ndi kalavani, akudikira tsiku lina, choncho kalavaniyo sinasunthe pa bwalo lija chiyambire. Viza ya mayi ikutha chaka chamawa, ndipo pempho lowonjezera liyenera kulowa kutatsala masiku osachepera 60. Deti limenelo ndalilemba pa kalendala yanga ndi pa khoma la kalavani, pambali pa chozimitsira moto.

Ndinapitako Lachisanu lapitali nthawi ya nkhomaliro. Mzere unafika pageti la galaja, anyamata a maovolosi a girisi, ena akulankhula Chiyao, ena Chishona, wina wa ku Angónia akufunsa ngati nkhwani wotendera watsala. Setifiketi ziwiri zili m'mafelemu pamwamba pa zenera. Ndili pakati pa kudya ndinamuona dobadoba uja ali pamzere, R50 ili m'manja. Anaphiri anamuomolera mitanda iwiri ndi nyemba, anamupatsa chenji cha munthu wina molakwitsa, anachilandanso, n'kuitana wotsatira.